Atiuza kuti tilembe pulani ya nthawi ya ngozi pa madzi akumwa, tiyambire pati?

Funso lafika motere, ndalidula pang'ono poti linali lalitali:

"Moni akatswiri. Ine ndangosankhidwa kumene kukhala wapampando wa komiti yoyendetsa kabungwe kogawa madzi akumwa. Tili ndi mapampu awiri, thanki imodzi yaikulu ili pamtunda, kanyumba kothiriramo kolorini ndi mapaipi ofikira anthu pafupifupi 8,000, kuphatikizapo kachipatala ndi masukulu awiri. Mwezi watha tinalandira kalata kuchokera kwa oyang'anira za madzi, akuti tipereke pulani ya zomwe tingachite pakagwa ngozi, apo ayi layisensi yathu ili pachiswe. Ine si injiniya ayi, ndinali mphunzitsi, ndiye masiku ano tulo sindikupeza. Wina wati timulipire atilembere chikalata chonse sabata imodzi yokha. Kodi amafuna chiyani kwenikweni anthu amenewa? Komanso jenereta tili nayo kale, imeneyo siyokwanira?"

Mayi wapampando, choyamba mtima m'malo. Kalata ngati imeneyo sikuti mwapalamula ayi, amalandira onse ogawa madzi, aang'ono ndi aakulu omwe, ndipo zoti si inu injiniya zisakuopseni chifukwa gawo lalikulu la ntchito imeneyi ndi kuphunzitsa anthu wamba kuti adziwe chochita zinthu zikavuta, zomwe inu munazichita zaka zambiri m'kalasi. Ine ndakhala m'ntchito ya madzi kwa nthawi yaitali ndithu, mapulani ndawaona ochuluka, ena okhuthala ovuta kunyamula ndi dzanja limodzi, ndiye muyeso wanga ndi umodzi basi. Tangoganizani kuti nthawi ili 2 koloko usiku, magetsi azima, mvula ili pakamwa pa munthu, foni ya manijala ikungoitana osayankhidwa, pamalopo pali mnyamata wa shifiti ya usiku yekhayekha ndi tochi. Kodi atatsegula pulani yanuyo angadziwe choyamba kugwira, woyamba kumuimbira, komanso zomwe ali ndi mphamvu yochita osadikira bwana? Ngati angadziwe, pulani muli nayo. Ngati sangadziwe, muli ndi mapepala chabe olo atakhala ndi chidindo cha boma.

Pa zomwe malamulo amafuna, dziko lililonse lili ndi ake, ndiye kalata mwalandirayo muiwerenge mzere ndi mzere ndipo muwafunse olemba kalatawo ngati ali ndi fomu kapena chitsanzo chomwe amafuna kuti mutsate, nthawi zambiri amakhala nacho koma anthu safunsa. Komabe mafupa a malamulowa amafanana kulikonse. Ku America kuli lamulo la 2018 lotchedwa America's Water Infrastructure Act, limati bungwe lililonse logawa madzi kwa anthu oposa 3,300 liyambe launika zoopsa zomwe zingagwere ntchito yake, kenako pasanathe miyezi 6 likhale ndi pulani yothanirana ndi zoopsazo, ndipo zonse ziwiri aziziunikanso zaka 5 zilizonse. Ku England makampani a madzi amakakamizidwa kupereka malita osachepera 10 pa munthu pa tsiku, kuyambira mkati mwa maola 24 oyamba, ngati kumpopi kwauma. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, nalo kuyambira 2004 lakhala likulimbikitsa ogawa madzi kuti aziunika njira yonse ya madzi kuchokera komwe akutungidwa mpaka pampopi wa munthu, ndi kukonzekeratu zochita chinachake chikalakwika panjirapo. Mukaziika pamodzi mupeza kuti akufunsa zinthu ziwiri: mukudziwa chomwe chingakugwetseni? Nanga chikakugwetsani mudzatani, adzachite ndani, mwachangu bwanji?

Ndiye za munthu wofuna kukulemberani sabata imodziyo. Sindikunena kuti ndi kamberembere, mwina ndi wodziwa ntchito, koma pulani yolembedwa ndi munthu amene sanapondepo pathanki panu imakhala chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Amangotenga ya bungwe lina n'kusintha dzina pamwamba, mpaka nthawi zina mumapeza ikukamba za damu pomwe inu mumapopa pansi pa nthaka. Ngati mukufuna kumulemba ntchito mlembeni, koma lamulo lanu likhale loti ayende nanu limodzi, inu, opareta wanu wamkulu, pulambala wanu wakale uja amene amadziwa paliponse pomwe paipi inakhota, kuyambira pa gwero la madzi mpaka mpopi womaliza. Pamalo paliponse muziima n'kufunsa funso lomwelomwelo, ichi chitafa lero anthu akhala maola angati asanaone kuti madzi asiya kapena aipa, ndipo tingachikonze masiku angati? Mudzadabwa kuti zinthu zoopsa kwambiri sizikhala zazikulu zija aliyense amaziganizira monga chivomerezi, zimakhala kapaipi kamodzi kowoloka mtsinje popanda kena kosinthira, kapena bokosi la magetsi lomwe analiika pansi penipeni m'kanyumba komwe madzi osefukira amalowa.

Tibwere pa jenereta, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amadzinamiza. Kukhala nayo ndi bwino, koma ndikufunseni, inalizidwa liti komaliza ikukoka mapampu enieniwo? Kuiliza yokha kwa mphindi 5 popanda katundu sikutiuza kanthu. Mota ya pampu ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kwambiri, mwina kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa momwe imakokera ikamayenda bwinobwino ngati ilibe kachipangizo koidzutsa pang'onopang'ono, ndiye jenereta yomwe papepala imaoneka yokwanira imatha kungotsamwa n'kuzima pompo pampu ikangoyatsidwa. Kenako batire yoilizira, imeneyo ndi imene imakhumudwitsa anthu kuposa china chilichonse, imangofa chamumtima itakhala miyezi osagwira ntchito. Kenako dizilo. Tiyeni tiwerengetse: jenereta imamwa pafupifupi malita 0.3 pa kilowati iliyonse pa ola, ndiye ngati mapampu anu akukoka makilowati 100, pa ola mukuwotcha malita 25 mpaka 30, masiku atatu osapumira ndi malita pafupifupi 2,000. Muli nawo pamalopo? Ngati mulibe, akubweretserani ndani pa tsiku lomwe tauni yonse ikulimbirana dizilo yemweyo ndipo mwina msewu waduka? Dizilo wosunga nayenso amawonongeka akakhalitsa, amalowa madzi, amachita zinyalala n'kutseka mafiluta, ndiye muziugwiritsa ntchito n'kumathira watsopano. Ndipo chonde onetsetsani kuti jeneretayo ikupatsanso magetsi kapampu kothira kolorini, ndinaonapo malo ena pomwe mapampu aakulu anadzuka bwinobwino, anthu n'kuwomba m'manja, koma madzi akupita m'tauni opanda mankhwala chifukwa kapampu ka kolorini kanali pa waya wina.

Chifukwa chomwe ndikulimbikira pa magetsi si ludzu lokha ayi. Mapaipi onse padziko pano amadontha penapake, palibe bungwe lomwe lilibe timabowo, koma bola mkati muli presha madzi amatuluka kunja, zoipa sizilowa. Presha ikangogwa zinthu zimatembenuka, paipi imayamba kuyamwa, madzi a m'ngalande, a m'zimbudzi zosefukira, ngakhale a mu beseni momwe wina anasiya hozi itamira, onsewo amalowa mu paipi ndipo mapampu akadzuka amakankhidwira m'makomo mwa anthu. Ku Texas, ku America, mu February 2021 kutazizira modabwitsa magetsi anazima, mapaipi anaphulika, presha inagwa, ndipo anthu oposa 14 miliyoni anauzidwa kuti aziwiritsa madzi. Chaka chomwecho boma la Texas linakhazikitsa lamulo loti ogawa madzi asonyeze momwe angasungire presha yosachepera 20 psi magetsi akazima kupitirira maola 24. Presha imeneyo ndi yofanana ndi madzi otalika mamita 14, sikuti ndi yambiri, koma ndi yokwanira kuti zakunja zisalowe. Ndiye mu pulani yanu payenera kukhala tsamba lonena kuti presha ikatsika kufika pakuti, m'dera lakuti, tidzatenga madzi a m'deralo ngati okayikitsa mpaka titawayeza, osati kungotsegula n'kuyamika Mulungu kuti madzi abwera.

Thanki yanu ya pamtunda ija ndi mnzanu wapamtima pa nthawi ngati imeneyi chifukwa siifuna magetsi kuti itsitse madzi. Dziwani kuti ikadzaza imasunga anthu anu maola angati, muyeze zenizeni osati zolembedwa pa chikwangwani. Koma paipi yaikulu ikaphulika kumunsi thanki yonse imatha kukhuthuka m'maola ochepa anthu ali mtulo, pokhapokha wina akathamange kukatseka valavu. Apa ndiye pali nkhani. Tsiku lina tinaitanidwa pa bungwe lina paipi itaphulika, madzi ali mbwee mumsewu, aliyense akudziwa kuti valavu yotsekera ili "chapompano" koma munthu yekhayo wodziwa malo ake enieni anali patchuthi foni atazimitsa, ndipo titaipeza tinapeza kuti okonza msewu anaikwirira ndi phula, titaifukula inali itagwira dzimbiri osatembenuka olo anthu atatu atakangamira pa kiyi. Mmene timatseka ina yakutali n'kuti thanki itauma. Nde mapu a mavalavu akhale papepala, osati mu laputopu yokha, apachikidwe pakhoma pomwe opareta amakhala, valavu iliyonse ikhale ndi nambala ndi chizindikiro pamalo pake, ndipo kamodzi pachaka wina azizungulira n'kuitembenuza iliyonse kuti isagwire. Ntchito yotopetsa, palibe amene amaiyamikira, koma ine ndikafika pabungwe ndimayamba kufunsa imeneyi.

Pa kolorini manambala oti muwasunge pamtima ndi ochepa. WHO imati madzi akakhala ndi kolorini kwa mphindi 30 pazitsala mamiligalamu osachepera 0.5 pa lita, ndipo pampopi wakutali kwambiri pazifika osachepera 0.2. Kukabuka matenda otsegula m'mimba monga kolera mumakweza kuti paliponse m'mapaipi pazipezeka 0.5. Koma kolorini amagwira bwino m'madzi oyera, mvula yamphamvu ikagwa madzi n'kuchita matope mankhwala amathera m'matopemo ndipo tizilombo timabisala mu tinyenyeswa ta dothi, ndiye pulani inene kuti madzi akada kufika pa muyeso wakuti timatseka polowera n'kudalira thanki kufikira atadikha. Pali tizilombo tinanso tomwe kolorini wamba satipha, ngati Cryptosporidium, komwe mu 1993 kanadwalitsa anthu pafupifupi 400,000 mumzinda wa Milwaukee ku America kusefa madzi kutalephera kugwira bwino ntchito. Choncho musamaganize kuti kungowonjezera mankhwala kumathetsa vuto lililonse. Za kasungidwe, kolorini wamadzi amachepa mphamvu akakhalitsa makamaka pamalo otentha, waufa amakhalitsako koma amafuna pouma, kutali ndi dizilo ndi mafuta ena chifukwa zikakumana ndi moto. Werengani kuti muli ndi wa masiku angati, ndipo mukhale ndi wogulitsa wachiwiri amene munalankhula naye kale.

Mankhwala omwewo amathanso kukhala ngozi. Mu July 1988 ku Camelford, ku England, dalaivala wogwirizira anafika pamalo oyeretsera madzi pomwe panalibe munthu, n'kukhuthulira matani 20 a aluminium sulphate, mankhwala oyeretsera madzi, mu thanki yolakwika, mankhwalawo n'kupita m'mipopi ya anthu pafupifupi 20,000, ndipo chomwe chinapweteka anthu kwambiri n'choti poyamba ankauzidwa kuti madziwo ali bwino. Lamulo losavuta, galimoto ya mankhwala isatsitse kanthu popanda munthu wanu kuimirira pomwepo, ndipo pothirira paliponse palembedwe dzina la mankhwala ake ndi zilembo zikuluzikulu.

Tsopano gawo lomwe ine ndimaliona lolemera kuposa onse, kuuza anthu. Mapampu amakonzeka, koma mwana akamwa madzi oipa chifukwa inu munachedwa kulankhula palibe chobweza. Nkhani ya ku Walkerton, ku Canada, mu May 2000, aliyense wogwira ntchito ya madzi amayenera kuidziwa. Mvula yamphamvu inakokolola ndowe za ng'ombe kulowa mu chitsime chosazama chomwe tauniyo inkapopamo, kolorini anali wochepa, ogwira ntchito anali ndi chizolowezi cholemba manambala abodza m'kaundula osayeza n'komwe, ndipo zotsatira za ku labu zitasonyeza tizilombo ta E. coli sanawauze azaumoyo, anapitiriza kunena kuti madzi ali bwino pomwe ana anali atayamba kale kutsegula m'mimba mwa magazi. Anthu 7 anamwalira, pafupifupi 2,300 anadwala, m'tauni ya anthu osakwana 5,000. Mukaiona bwino nkhaniyi, vuto silinali mvula yokha, anthu enanso ambiri anadwala m'masiku omwe anadutsa akumwabe madziwo chifukwa wina anabisa zoona. Ku America lamulo limati vuto loika moyo pachiswe lilengezedwe mkati mwa maola 24, koma ine ndimawauza anzanga kuti 24 ndi malire a lamulo chabe, inu muziwerenga maola awiri kapena atatu. Kumbukiraninso kuti kuyeza tizilombo ku labu kumatenga maola 18 mpaka 24, ndiye mukati tidikire kaye zotsatira, anthu amwa tsiku lathunthu. Ngati presha inagwa, kolorini wasowa, kapena madzi osefukira alowa pa gwero, lengezani kaye, labu idzatsimikiza pambuyo.

Ndipo uthenga si umodzi ayi, apa ambiri amasokoneza. Ukakhala wa tizilombo mumati wiritsani, madzi abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena mphindi 3 kumalo okwera kuposa mamita 2,000. Koma vuto likakhala la mankhwala kapena poizoni kuwiritsa sikuthandiza, mwinanso kumawonjezera chifukwa madzi amauluka poizoni n'kutsala. Mu August 2014 mumzinda wa Toledo ku Ohio, ku America, ndere za m'nyanja ya Erie zinatulutsa poizoni wotchedwa microcystin, anthu pafupifupi 400,000 anauzidwa kuti asamwe komanso asawiritse. Mu January chaka chomwecho ku West Virginia mankhwala a kufakitale anatayikira mumtsinje wa Elk kumtunda kwa pomwe ankatunga madzi, anthu pafupifupi 300,000 anauzidwa kuti asagwiritse ntchito madziwo olo kusamba, kupatula kugejemula kuchimbudzi ndi kuzimitsa moto. Ndiye mauthenga ndi atatu, wiritsani, musamwe, musagwiritse ntchito, ndipo onse atatu alembedwe lero lino mitu ili phee, m'zilankhulo zomwe anthu anu amamva, mawu ochepa, mongosiya mipata ya tsiku ndi dera. Munthu amene ali ndi mantha pakati pa usiku salemba uthenga womveka. Ganiziraninso kuti mudzaufalitsa bwanji netiweki ikagwa, chifukwa nsanja za mafoni nazo zimadalira magetsi omwewo. Meseji ndi WhatsApp inde, koma wayilesi, galimoto ya chimkuzamawu, ndi anthu oyenda khomo ndi khomo zikhale m'pulani. Kachipatala kanu ndi masukulu awiri aja asamve pa wayilesi, aimbiridwe mwachindunji kapena wina apiteko ndi miyendo.

Nanga wolamula kuti uthenga utuluke ndani? Izi komiti yanu ikambirane ndipo zilembedwe mu maminitsi. Ndaona mabungwe akutaya theka la tsiku chifukwa opareta akudikira manijala, manijala akudikira wapampando, wapampando akufuna komiti ikumane kaye. Lembani dzina la woyamba, wachiwiri ngati woyamba sakupezeka, wachitatu ngati onse awiri sakupezeka, ndipo munene poyera kuti opareta ali ndi mphamvu yotseka madzi akaona zokayikitsa ndipo sadzadzudzulidwa zikapezeka kuti kunalibe vuto. Chiganizo chomalizachi n'chofunika kwabasi, chifukwa munthu amene anakalipiridwapo kamodzi chifukwa chotseka madzi, ulendo wotsatira adzangoti tione kaye mawa. Manambala a foni muziwayesa miyezi itatu iliyonse, anthu amasintha manambala, ena amachoka ntchito, ena amamwalira koma dzina likadali pa tsamba loyamba.

Madzi akasiyiratu kutuluka udindo wanu sunathe, anthu amwabe, ndipo mukapanda kuwapatsa akatunga paliponse pomwe apeza, matenda n'kuyambira pamenepo. Mabungwe othandiza pa ngozi amatsata muyeso wa Sphere wa malita 15 pa munthu pa tsiku, akumwa, kuphikira ndi ukhondo pang'ono. Tiwerengetse ndi anthu anu: 8,000 kuchulukitsa ndi 15 ndi malita 120,000 pa tsiku. Galimoto ya thanki yonyamula malita 10,000 iyenera kuyenda maulendo 12 tsiku lililonse, ndipo ngati ulendo umodzi, kudzaza, kuyenda, kutsitsa ndi kubwerera, ukutenga maola awiri, galimoto imodzi iyenera kuyenda usana ndi usiku osapumira n'komwe. Mwaona momwe masamu amaululira zinthu? Chipatala chili padera, wodwala wogonekedwa amafuna malita 40 mpaka 60 pa tsiku. Choncho mufunika kudziwa lero kuti magalimoto mudzabwereka kwa ndani, adzatunga kuti, adzaima malo ati, ndipo matanki ake ndi onyamuliradi madzi akumwa osati omwe dzulo ananyamula mafuta kapena zakuchimbudzi. Madzi a mugalimoto nawo amathiridwa kolorini n'kuyezedwa asanagawidwe. Musaganize kuti izi ndi za mabungwe osauka okha. Mu July 2007 madzi osefukira anamiza malo oyeretsera madzi a Mythe ku Gloucestershire, ku England, anthu pafupifupi 350,000 anakhala opanda madzi a kumpopi, ndipo panadutsa milungu iwiri ndi masiku angapo asanauzidwe kuti akhoza kumwanso osawiritsa. Okalamba, olumala ndi amayi a ana akhanda sangaime pamzere ndi ndowa, ndiye mayina awo muwadziwiretu kuti adzawapititsire pakhomo. Pitaninso kwa ogawa madzi oyandikana nanu mukasainirane kapepala kothandizana, pampu yobwereka, pulambala wobwereka, migolo ingapo ya kolorini, poti mutu umodzi susenza denga ndipo tsiku la ngozi si tsiku loyamba kudziwana.

Za makompyuta ndingodutsapo mwachangu poti kabungwe kanu n'kakang'ono, koma ngati muli ndi kachipangizo kalikonse koyatsa mapampu kudzera pa intaneti kapena pa foni, sinthani pasiwedi yomwe kanabwera nayo. Mu November 2023 anthu ena analowerera kachipangizo kotere pa bungwe la madzi la ku Aliquippa ku Pennsylvania, ku America, mtundu wa zipangizo zomwe zimachoka kufakitale ndi pasiwedi ya 1111, ndipo chomwe chinawapulumutsa n'choti ogwira ntchito anatha kuyendetsa mapampu pamanja. Anyamata anu aziyeserera kuyendetsa pamanja.

Pulani ikalembedwa muiyese. Sizifuna ndalama zambiri, khalani pa tebulo masana amodzi, komiti, ogwira ntchito, munthu wa kuchipatala, wa zaumoyo wa boma, ozimitsa moto ngati alipo, inu n'kunena kuti lero ndi Loweruka usiku, mvula yagwa maola 6, magetsi azima, manijala ali kutali, tiyeni, ukutani iwe? Uphunzitsi wanu ugwira ntchito pamenepa, muzifunsa mmodzimmodzi osalola mmodzi kuyankhira onse. Mipata idzaonekera yokha, wina adzati kiyi wa kanyumba ka jenereta amasunga mlonda wa masana, wina adzati nambala ya labu alibe, wina adzati labu imatseka Loweruka. Chilichonse chotere lembani n'kukonza, kenako tsiku lina muchite zenizeni, zimitsani magetsi dala mapampu ayendere jenereta kwa maola angapo. Chitani kamodzi pachaka, komanso nthawi iliyonse mukasintha china chachikulu kapena ngozi yeniyeni ikachitika. Oyang'anira aja akamabwera amakhulupirira kwambiri kaundula wosonyeza masiku omwe munayeserera ndi zomwe munakonza, kuposa chikuto chokongola.

Kubwezeretsa madzi ngozi ikatha nakonso kuli ndi dongosolo lake, ndipo anthu amakhala akukukakamizani kuti tsegulani msanga. Mapaipi omwe anauma kapena kukonzedwa amatsukidwa kaye potulutsa madzi kumapeto mpaka atayera, amathiridwa kolorini wamphamvu, kenako mumatenga masampulo malo osiyanasiyana kuphatikizapo akutali kwambiri. Malo ambiri amafuna kuti masampulo atuluke abwino kawiri motsatizana, motalikirana pafupifupi tsiku limodzi, uthenga wowiritsa usanachotsedwe, ndipo wochotsa uthengawo si inu nokha, mumagwirizana ndi azaumoyo. Mudzatsegule mavalavu pang'onopang'ono, mukatsegula mwamphamvu mpweya ndi madzi zimamenya mapaipi n'kuphulitsa malo ena atsopano.

Pali zinthu zina zomwe musalimbane nazo nokha ngati komiti. Kukula kwa jenereta ndi mawaya ake osinthira kuchoka pa magetsi wamba, itanani wamagetsi wovomerezeka adzayeze ndi mapampu akuyenda, chifukwa jenereta yolumikizidwa molakwika imabweza magetsi mu mawaya a panja n'kupha okonza. Thanki ikakhala ndi ming'alu kapena nthaka ya pansi pake ikusuntha, ameneyo ndi injiniya wa zomangamanga. Madzi akasintha fungo, mtundu kapena kakomedwe mosadziwika bwino, nsomba zikafa pa gwero, mukapeza loko wa pathanki wathyoledwa, kapena achipatala akakuuzani kuti odwala m'mimba achuluka mwadzidzidzi, tsekani gawo lokhudzidwalo, imbirani azaumoyo ndi oyang'anira za madzi nthawi yomweyo, apolisi ngati pali kuthyola, ndipo sungani madzi ena m'mabotolo oyera olembedwa malo ndi nthawi kuti labu idzayeze. Ngati tsiku lomwe anakupatsani m'kalata lija layandikira ndipo simumaliza, alembereni lisanakwane, muwauze zomwe mwachita kale ndi tsiku lomwe mudzapereke zotsalazo. Sabata ino yambani ndi ulendo woyendera mapaipi uja pamodzi ndi pulambala wanu, ndipo mupite ndi kope.